Iyeseni kaye musanaidalire: kusankha app ya pafoni yothandiza pa zizindikiro za HIV

Mayi ena a m'gulu lathu lolimbikitsana anafika pamsonkhano tsiku lina atakwiya ndi foni yawo. Mdzukulu wawo anali atawaikira app yokumbutsa kumwa mankhwala, yokongola ndithu, ya nyenyezi zambiri pa Play Store. Masiku atatu zinayenda bwino. Tsiku lachinayi ali pamaliro, mlamu wawo anabwereka foni kuti aimbire a mpingo, ndipo nthawi yomweyo pasikirini panatulukira uthenga wa zilembo zikuluzikulu, wotchula dzina la mankhwala ndi nthawi yomwera. Mlamuyo sanayankhule kanthu, anangobweza foni. Usiku womwewo mayiwo anaifufuta app ija, ndipo mpaka lero mukangotchula za ma app amayang'ana kumbali.

App ija sinaname ayi, inachita zomwe anaipangira. Kungoti amene anaipanga ankaganiza za munthu amene foni yake sagwira wina, amene kwawo magetsi sathima, amene Chingerezi amawerenga ngakhale mutu ukuwawa. Ambirife sitili choncho. Ndiye nazi njira zoti muiyesere nokha app, pafoni yanu yomweyo, kwa masabata awiri, musanaisenzetse udindo wa mankhwala anu ndi wa zimene thupi lanu likukuuzani.

Choyamba, tchulani vuto lanu musanatsegule Play Store

Tengani pepala, lembani chinthu chimodzi chokha chimene chikukusautsani. Wina alemba kuti, "Ndikalawirira kumunda ndimaiwala piritsi." Wina, "Ndikafika pamaso pa adokotala sindikumbuka kuti dzanzi la kumapazi linayamba liti." Winanso, "Tulo sitibwera ndipo sindidziwa chochita." Anthu atatuwa akufuna zida zitatu zosiyana: woyamba chomukumbutsa, wachiwiri polemba zizindikiro, wachitatu malangizo. App yodzitama kuti imachita zonse kawirikawiri imadzaza mabatani, moti chimene mwaitsegulira chimabisika pakati pa zinthu khumi zimene simunafunse.

Ku New York, ofufuza a pasukulu ya anamwino ya Columbia University, motsogozedwa ndi Rebecca Schnall, anapanga app yotchedwa mVIP imene inali ndi ntchito imodzi basi. Inkafunsa munthu ngati m'sabatayo wavutika ndi china mwa zizindikiro 13, monga kutopa, kusowa tulo, nseru, chizungulire, nkhawa kapena kutsekula m'mimba, kenako n'kumuonetsa timavidiyo tatifupi ta zomwe angachite ali pakhomo. Anaiyesa pa anthu 80 kwa masabata 12, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2018 zinaonetsa kuti zizindikiro zisanu zinachepa mwa amene ankalandira malangizowo, kuphatikizapo nkhawa, kukhumudwa ndi dzanzi. Koma ine chimene chimandigwira mtima ndi zimene anachita asanafike pamenepo. Anakhazika pansi anthu omwe ali ndi kachilombo, kuwapatsa tintchito toti achite pa app, makina akutsata pamene maso awo akuyang'ana, kenako n'kuwafunsa pomwe anasokonezeka. Makina otsata maso ife tilibe, koma nzeruyo tingathe kubwereka, ndipo ndi yomwe ili pansi pa malangizo onsewa.

Chachiwiri, muione foni yanu monga iliri

Dziyankheni moona mtima. Foniyi imagona ndi ndani? Ana amaseweretsa madzulo? Mumatchajitsa kugolosale kapena kwa aneba, n'kuisiya komweko maola angapo? Pamwezi bandulo imakhalamo masiku angati? Malo osungira zinthu alipo, kapena nthawi zonse mumafufuta zithunzi kuti WhatsApp itseguke?

Ngati foni yanu ndi ya mabatani, musadzione otsalira. Umboni wina wamphamvu kwambiri pa nkhani ya mafoni ndi ma ARV unachokera pa SMS wamba. Ku Kenya, m'kafukufuku wa WelTel amene zotsatira zake zinatuluka mu 2010, anamwino ankatumizira odwala liwu limodzi la Chiswahili sabata iliyonse: "Mambo?" Munthu ankayankha kuti "Sawa" ngati ali bwino, kapena "Shida" ngati pali vuto. Woyankha kuti pali vuto, ngakhalenso amene sanayankhe pakutha pa masiku awiri, namwino ankamuimbira. Mwa anthu 538 a m'kafukufukuyo, olandira mauthengawa ankamwa mankhwala mokhulupirika kuposa anzawo, ndipo ambiri mwa iwo tizilombo tinachepa m'magazi. Taonani kuti liwulo silitchula matenda, silifuna intaneti, ndipo kuseri kwake kunali munthu weniweni woti aimbe foni.

Kwathu kuno, a Lighthouse Trust ku Lilongwe agwiritsapo ntchito mauthenga a SMS okumbutsa tsiku lokatenga mankhwala, oti wolandirayo atha kuyankha ngati tsikulo sakwanitsa. Funsani pamene mumalandirira mankhwala ngati ali ndi njira yonga imeneyi. Palinso Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach ndipo tsopano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Mumaimba 929 mwaulere n'kuyankhula ndi wazaumoyo m'Chichewa. Nambala imeneyi isungeni mufoni kaya mupeza app kaya ayi.

Chachitatu, werengani musanadinde "Install"

Nyenyezi zisakukopeni. Tsikani pansi pa tsambalo muone amene anaipanga: yunivesite, chipatala, kampani yodziwika, kapena dzina losadziwika lopanda adiresi? Onani tsiku limene anaikonza komaliza. App ya malangizo a HIV imene yakhala zaka zambiri osakonzedwa ingathe kukhala ikukamba za mankhwala amene tinasiya kale, popeza kuno ambiri anasinthidwa kupita ku TLD, piritsi limodzi la ma ARV lophatikiza tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, kuyambira mu 2019. Onani kukula kwake mu ma MB, muyerekeze ndi bandulo yanu. Ndemanga werengani za nyenyezi imodzi kapena ziwiri, chifukwa m'menemo ndi mmene anthu amanena zoona, monga kuti alamu siilira kapena kuti pakatha sabata imayamba kufuna ndalama.

App iliyonse yolonjeza kuchiza HIV, yogulitsa mankhwala "okweza chitetezo", kapena yonena kuti mukapeza bwino mutha kupumira ma ARV, isiyeni pomwepo. Apa palibe choyesa.

Chachinayi, chinsinsi. Apa khalanipo nthawi

Muyambe ndi funso limene ambiri saliganizira: akaunti ya Google imene ili mufoni yanu ndi ya ndani? Ambiri tinagula foni, mnyamata wa pashopu kapena mphwathu n'kutiikira imelo yake kuti Play Store igwire ntchito. Dziwani kuti ma app amene mwaika amalembedwa pa akaunti imeneyo, ndipo mwini wake atha kuona mndandanda wonse ali kwawo. Ngati zili choncho, tsegulani kaye akaunti yanuyanu, pasiwedi muidziwe nokha.

Mukaika app, yang'anani dzina ndi kachithunzi kake pasikirini. Kakulengeza chiyani kwa munthu amene wangosuzumira? Kariboni kofiira kapena zilembo za HIV zimayankhula zokha. N'chifukwa chake ambiri m'gulu lathu amakonda ma app okumbutsa mankhwala alionse, monga MyTherapy kapena Medisafe, poti amagwiritsidwanso ntchito ndi odwala shuga ndi BP, ndipo munthu akaona saganiza zambiri.

Kenako onani ngati ikukulolani kupatsa mankhwala dzina lanulanu. M'malo molemba TLD, lembani liwu limene mukulidziwa nokha. Mayi aja a pamaliro pano amagwiritsa ntchito alamu wamba ya mufoni, ndipo anailemba kuti "nkhuku". Ikalira, aliyense amaganiza kuti akukatsegulira nkhuku, ndipo n'zoona amakatseguladi, atameza kaye piritsi lawo.

Tsopano yesani zenizeni. Tcherani chikumbutso kuti chilire pakatha mphindi ziwiri, tsekani foni, muiike patebulo, muone chimene chituluke pasikirini yotseka. Ngati chikuonetsa zonse, lowani mu Settings, pa Notifications, musankhe zoti mawu a uthenga asamaoneke foni ikakhala yotseka. Mafoni ambiri a Tecno, Infinix ndi itel alinso ndi App Lock, yoti app iliyonse ikhale ndi loko wake. Ikani nambala yosiyana ndi imene mumatsegulira foni, chifukwa ija ana anaiona kalekale.

Samalaninso ndi zimene app ikupempha. Yokumbutsa mankhwala ikufuniranji manambala a anzanu, ma SMS anu kapena malo amene muli? Kanani, muone ngati igwirabe ntchito. Ngati ikukakamiza kulembetsa ndi dzina lenileni ndi nambala ya foni musanaone n'komwe mmene ilili mkati, chenjerani. Mu 2018 zinadziwika kuti app yopezerana zibwenzi ya Grindr inkapereka kwa makampani ena awiri zimene anthu analemba zokhudza mmene alili pa nkhani ya HIV. Kuno lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limateteza chinsinsi chanu, ndipo pali lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024, koma kampani imene ili kutsidya la nyanja mudzaitsata bwanji zinthu zitatayika kale? Chimene simunalembe sichingatuluke.

Kanthu kena kakang'ono: mukajambula sikirini kuti musunge zotsatira za magazi, chithunzicho chimapita ku Gallery, komwe aliyense wofuna kuona zithunzi za ukwati amadutsa.

Chachisanu, mayeso a mphindi khumi

Ikani foni pa Airplane mode. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. App imene imafuna netiweki kuti mulembe mutu wowawa idzakusiyani pa tsiku lomwe bandulo yatha. Itanani munthu amene amadziwa kale za inu akhale pambali ndi cholembera. Ntchito yake si kukuthandizani, koma kulemba pamene mwaima. Inu muziyankhula mokweza zimene mukuganiza: "Apa ndikufuna polemba nthawi, sindikupaona. Liwu ili sindikulimva."

Chitani zinthu zinayi. Tcherani chikumbutso cha tsiku ndi tsiku pa nthawi imene mumamwera. Lembani kuti lero mutu ukuwawa pang'ono. Bwererani mukakonze zimene mwalembazo ngati kuti munalakwitsa. Ikani tsiku lanu lokatenga mankhwala. Pa chilichonse werengani kuti mwadinda kangati. Ine ndimati kulemba chizindikiro chimodzi kukapitirira kudinda kasanu, pakutha pa mwezi mudzakhala mutasiya, ngakhale lero mukulumbira kuti simudzasiya.

Mukalephera, musanene kuti ndine mbuli pa za mafoni. Ngati munthu amene amatumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money tsiku lililonse akulephera kupeza batani, cholakwika chili kwa amene anabisa bataniyo.

Bwerezani mayesowa mmene mumakhalira pa tsiku loipa, pakuti app ya zizindikiro mumaifuna pamene simuli bwino. Yesani ndi dzanja limodzi mutagona. Yesani panja dzuwa likuswa mtengo, muone ngati zilembo zikuoneka. Yesani opanda magalasi. Kulitsani zilembo mu Settings muone ngati mawu sakudukira m'mphepete. Ndipo za Chingerezi: ma app ambiri amalemba mawu onga "fatigue" ndi "neuropathy" pamene ife timangoti kufooka ndi dzanzi. Ngati ili ndi malo olemba mawu anuanu, lembani m'Chichewa momwemo. Ngati imakukakamizani kusankha pa mndandanda wa mawu amene simukuwamva, mudzalemba zolakwika, ndipo zolakwika zolembedwa bwino zimasocheretsa kuposa kusalemba.

Chachisanu ndi chimodzi, kodi alamu ikuliradi?

Mafoni ambiri a Android, pofuna kusunga batire, amazimitsa mwakachetechete ma app amene simukuwagwiritsa ntchito, ndipo chikumbutso chimafera momwemo. Yesani katatu: mutaitseka app poikankhira kumbali, mutazimitsa foni n'kuyatsanso, komanso foni ili pa njira yosunga batire. Ikapanda kulira, pitani mu Settings pa za batire, muilole app kuti izigwira ntchito nthawi zonse. Pa mafoni ena muyatsenso Auto-start. Kenako ipatseni sabata yathunthu, inu mukudalirabe njira yanu yakale, ndipo muzichonga pakalendala tsiku lililonse limene yalira pa nthawi yake. Kuphonya kamodzi pa sabata n'kwambiri.

Foni yothima siilira, ESCOM ikachita zake. Choncho piritsi limangirireni ku chinthu chimene mumachita tsiku lililonse, kaya kutsuka mkamwa, kaya tiyi wa m'mawa, ndipo alamu ingokhala mboni.

Chachisanu ndi chiwiri, ifunseni mafunso amene mayankho ake mukuwadziwa

Gawo ili ndi la ma app opereka malangizo, pamodzi ndi ma AI amene masiku ano timacheza nawo pa WhatsApp. Amenewa amayankha mosadodoma ngakhale pamene akulakwitsa, ndiye muwatchere msampha.

Funsani ngati mungamwere limodzi TLD ndi mankhwala a chilungulira, monga magnesium trisilicate, kapena mapiritsi owonjezera magazi amene amayi amalandira kusikelo. Yankho loona ndi lakuti zinthu monga magnesium, aluminium, calcium ndi iron zimagwira dolutegravir m'mimba n'kumulepheretsa kulowa bwino m'magazi. TLD imwedwe maola awiri musanamwe mankhwala enawo, kapena patadutsa maola 6 mutawamwa. Mapiritsi a iron ndi calcium atha kumwedwa limodzi ndi TLD pokhapokha ngati mukumwera pa chakudya. App ikangoti palibe vuto, yagwa mayeso.

Funsani za mankhwala a TB. Iyenera kukuuzani kuti rifampicin, amodzi mwa mankhwalawo, amafulumizitsa kutha kwa dolutegravir m'thupi, ndipo n'chifukwa chake achipatala amawonjezera piritsi lina la dolutegravir la 50 mg, lomwa patadutsa maola 12. Iyeneranso kunena kuti zimenezi amakonza ndi achipatala, osati inu nokha. Funsaninso chochita mukaiwala kumwa. Ikakuuzani kuti mumwe awiri nthawi imodzi pobwezera, ichotseni. Lamulo la maola oti mungamwebe piritsi loiwalika likafunseni kwa namwino wanu, mulilembe mkati mwa chikuto cha buku lanu la kuchipatala. Pa za kusagwirizana kwa mankhwala pali app yaulere ya University of Liverpool yotchedwa Liverpool HIV iChart, imene imaonetsa ndi mitundu, wofiira kutanthauza kuti osaphatikiza. Ndi ya Chingerezi ndipo anaipangira makamaka azaumoyo, koma mutha kuionera limodzi ndi adokotala.

Funso lalikulu koposa ndi ili. Lembani kuti, "Mutu wakhala ukundiwawa kwambiri masiku asanu." App yabwino ikufunsani ngati thupi likutentha, ngati khosi lauma, ngati mukusanza kapena kusokonezeka maganizo, ndipo ikuuzani kuti mupite kuchipatala lero lomwe. App yoopsa ingoti mumwe madzi ambiri n'kupuma. Mutu wotere kwa munthu amene chitetezo chake chatsika ungathe kukhala matenda oumitsa khosi a cryptococcal meningitis, amene amapha akachedwa kupezeka.

Zilipo zizindikiro zimene sizilembedwa mu app kuti tione mawa. Chifuwa, kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuonda ndi zizindikiro zinayi zimene achipatala amafunsa pofufuza TB, ndipo ngakhale chimodzi chokha n'chokwanira kuti mukayezetse. Kubanika popuma, maso achikasu, zotupa za pakhungu zochita matuza pamodzi ndi zilonda m'kamwa kapena m'maso makamaka mutangoyamba mankhwala atsopano monga Bactrim, kusanza chilichonse chimene mwadya, kutsekula m'mimba kosaleka, kulephera kuyenda nokha, kukomoka, ndiponso maganizo ofuna kudzipha: zonsezi n'zonyamuka nthawi yomweyo, tsiku lanu la kuchipatala lafika kapena ayi. App imene siikuuzani zimenezi poyera isakhale mlangizi wanu. Ikhoza kukhala yokumbutsa mapiritsi basi.

Chachisanu ndi chitatu, kalembedwe ka zizindikiro

Ambiri tsopano timalandira mankhwala a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. N'zabwino, zatichotsera ulendo, koma zikutanthauzanso kuti pofika tsiku lokumana ndi adokotala zimene zinachitika miyezi inayi yapitayo zafufutika m'mutu. Akafunsa kuti muli bwanji, timangoti tili bwino, n'kukumbukira tili pa minibasi. Apa m'pamene kulemba kumapindulitsa.

Musalembe nkhani yaitali. Pa chizindikiro chilichonse lembani kuti n'chiyani, chayamba nthawi yanji, chakula bwanji, ndipo chachitika n'chiyani pafupi ndi nthawiyo. Pa kukula, manambala atatu akwana: 1 ndikuchimva koma ndikugwira ntchito, 2 chikundichedwetsa, 3 chandigoneka. Ma app ena amafuna musankhe pakati pa 1 ndi 10, koma ndani angasiyanitse 6 ndi 7 pakati pa usiku?

Chachinayicho ndiye mwini nkhani. Tiyerekeze munthu amene tulo tamuthawa. Akalemba masabata atatu, n'kuoneka kuti piritsi amamwa usiku pokagona, monga anazolowerera pa mankhwala akale a efavirenz amene ankachititsa chizungulire ndi maloto. Dolutegravir kwa ena amasowetsa tulo, ndipo achipatala kawirikawiri amalangiza kumwa m'mawa. Kapena amene mapazi ayamba kutentha ndi kuchita dzanzi: akaona m'zolemba kuti zinayamba atangoyamba mankhwala oteteza ku TB okhala ndi isoniazid, adokotala adziwa msanga kuti afunse ngati akumwa pyridoxine, vitamini B6 amene amaperekedwa pamodzi ndi mankhwalawo. Zolembazo zimangoonetsa njira. Kusintha nthawi kapena kusiya mankhwala alionse mukambirane kaye ndi achipatala.

Lembaninso kulemera kwanu kamodzi pamwezi, pasikelo yomweyomweyo ngati n'kotheka, chifukwa kuonda ndi chizindikiro, komanso kunenepa msanga kumaoneka kwa ena amene ali pa dolutegravir ndipo kumabwera ndi nkhani za BP ndi shuga. Musaiwale za mumtima. Masiku amene simukufuna kudzuka, kudya kapena kuona anthu nawonso alembeni, poti ndi masiku omwewo amene piritsi limaiwalika.

App ina ikupatsani kachikho ka golide chifukwa mwadinda "ndamwa" masiku 30 otsatizana. Sangalalani, koma kachikhoko sikayeza magazi. Chokhacho chimene chimaonetsa kuti mankhwala akugwira ntchito ndi viral load, kuyeza kuchuluka kwa tizilombo m'magazi. Ikakhala pansi pa 200 simungapatsire mnzanu kachilombo pogonana. Ikapitirira 1,000 achipatala amakhala nanu pansi kuona chikuvuta n'chiyani, n'kukuyezaninso pakatha miyezi itatu. Ikani mu app tsiku limene munayezetsa ndi chikumbutso chokafunsa zotsatira, chifukwa nthawi zina zimafika n'kungokhala m'faelo.

Ndipo muyese ichi musanapite kuchipatala: kodi app ingaonetse zonse za miyezi itatu pasikirini imodzi? Kumbuyo kwanu pamakhala mzere wa anthu, adokotala sangayembekeze kuti mupukuse tsiku ndi tsiku. Ngati siingathe, usiku woti mawa mukupita koperani papepala mizere isanu yofunika kwambiri, mulowetse m'buku lanu la kuchipatala.

Kwa atsogoleri a magulu ndi a Teen Club (magulu a achinyamata omwe ali ndi kachilombo)

Musauze gulu lonse kuti liike app chifukwa inuyo mwaikonda. Jakob Nielsen, katswiri wa kayesedwe ka mapulogalamu a kompyuta, anaonetsa kuti anthu asanu okha amatulukira mavuto ambiri, pafupifupi 85 pa 100 alionse. Sankhani asanu osiyana: agogo a maso ofooka, wachinyamata wothamanga zala, mayi woyamwitsa amene dzanja limodzi lili ndi mwana, bambo amene sukulu analekezera ku pulayimale, ndi wina amene foni amabwerekana ndi mnzake wapabanja. Gwiritsani ntchito foni imodzi ndi dzina lopeka. Aliyense achite tintchito tinayi tija payekha, inu mutatseka pakamwa, ngakhale mtima ukufuna kumulozera. Pomaliza musafunse kuti, "Mwaikonda?" Mwaulemu wathu aliyense avomera. Funsani kuti, "Ndi pati pamene mukanaisiya mukanakhala nokha kunyumba?" Pamene anthu atatu akhumudwa pamalo amodzi, pamenepo pali dzenje.

Achinyamata ali ndi nkhani yawo: foni nthawi zambiri ndi ya makolo, ndipo kusukulu zambiri zogonera komweko mafoni saloledwa. Kwa iwo wotchi ya pamkono ya alamu ingathandize kuposa app.

Mukafuna kudandaula kwa opanga app, alembereni pa imelo imene ili patsamba lawo. Ndemanga ya pa Play Store imaonekera kwa aliyense, pamodzi ndi dzina ndi chithunzi cha akaunti yanu.

Pakutha pa masabata awiri

Tsegulani app muwerenge masiku amene munalembamo kanthu popanda kudzikakamiza. Bwererani ku pepala lija la vuto limodzi. Ngati vutolo lachepa, alamu sinaphonye, ndipo simunachite mantha pamene wina anagwira foni, isungeni. Ngati mwapeza kuti mumangokankha chikumbutso osachiwerenga, kapena mumadinda "ndamwa" musanamwe kuti chingosiya kulira, app imeneyo yayamba kukunamizani ndi dzanja lanu lomwe. Yesani ina, kapena bwererani ku alamu wamba ndi kope la sukulu.

Poichotsa musangodinda "Uninstall". Koperani kaye papepala zimene mukufuna kusunga. Ngati munatsegula akaunti, lowani mkati mufufute akauntiyo, chifukwa kuchotsa app pafoni sikuchotsa zimene zili pa makompyuta a kampani. Kenako mu Settings, pa Apps, dindani "Clear data", ndipo pamapeto pake ichotseni. Chitani chimodzimodzi musanagulitse foni kapena kupatsa m'bale. Mukamapita nayo kokakonzetsa, tulutsani SIM ndi memori khadi, ndipo ngati sikirini ikuyakabe, onetsetsani kuti App Lock ndi yoyatsa musanaipereke.